Alamu Athu a Pachifuwa

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine ndasanduka katswiri wa zachuma wopanda ofesi, ndipo kafukufuku wanga ndimachitira pawindo la famase. Kabotolo ka mankhwala a chifuwa kotsekemera kaja, mtengo wake masiku ano ukutsokomoletsa munthu asanakatsegule n'komwe. Popeza m'thumba mwanga mumangolowa mphepo, ndayamba kugwiritsa ntchito mutu, umene mpaka pano boma silinauikire msonkho. Ndapeza kuti chifuwa chotsalira chimfine chikatha tizichitenga ngati mlamu wochokera kumudzi. Amabwera moperekeza chimfine, nkunena kuti angogona usiku umodzi. Chimfine chimatsanzika pakatha sabata kapena masiku 10, koma alamu amakhala atayala mphasa pabalaza ndipo akufunsa komwe timasunga shuga. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, koma mlendo uyu dzuwa limamuwomba mpaka kulowa iye ali phee.

Vuto lathu ndi kuwerengera molakwika masiku a ulendowu. Ofufuza ena a ku America mu 2013 adapeza kuti chifuwa chotere chimatenga pafupifupi masiku 18, pamene odwala amayembekezera kuti chitha m'sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Kwa ena chimakakamira mpaka masabata 8. Chifukwa chake n'chosavuta. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo thupi likawagonjetsa, njira za mpweya zimatsala zotupa ndi zosachedwa kunyanyuka. Mamina otsikira kukhosi usiku, utsi wa mbaula, fumbi la m'misewu yathu, kamphepo ka chiperoni mu Juni ndi Julayi, chilichonse mwa izi chimadzutsa alamu pakati pausiku kuti alankhule maganizo awo. Mawu osasa nawo ndi katundu wa alamu omwewo. Timinofu tiwiri ta m'kholingo timene timanjenjemera kuti mawu atuluke timatupa, ndiye bambo wolemekezeka pakhomo amayamba kuitana ana ndi mawu a tambala wongophunzira kulira. Mankhwala ake ndi kumwa madzi ambiri, kupuma nthunzi, kusiya fodya ndi kutseka pakamwa. Kunong'ona sikuthandiza, kumatopetsanso timinofu tija. Kumene kwavuta ndi kutseka pakamwako. Muuzeni kondakitala wa minibasi, mlaliki wa pamsika kapena wochemerera Bullets ndi Wanderers kuti apumitse mawu masiku atatu, muone ngati sakufunsani kuti adye chiyani. Ngakhale ine, amene ntchito yanga yaikulu ndi kutsutsa nkhani za pawailesi ndili pampando, lamuloli limandiwawa.

Tsono mmalo modikira, ife madokotala a pagolosale timathamangira makapisozi. Munthu amagula amoxicillin anayi, Bactrim awiri, monga mmene ndalama yakwanira, nkumeza ndi tiyi. Wina anditsutsa kuti, “Achimwene, ine ndinamwa makapisozi ndipo chifuwa chinatha.” Chinathadi, sindikukana. Koma mudamwa liti? Ambirife timagula mankhwala tikatopa, sabata yachiwiri ikutha, nthawi imene alamu amakhala atamanga kale chikwama. Mwawapatsa ndalama ya basi munthu amene tikiti anali nayo m'thumba, ndiye mukudzitama kuti mwawathamangitsa. Maantibayotiki amapha mabakiteriya, vairasi samudziwa n'komwe. Nako kabotolo kodula kaja, umboni woti kamafupikitsa chifuwa cha chimfine ndi wofooka kwambiri. Supuni ya uchi m'madzi ofunda a mandimu imafewetsa kukhosi mosasiyana kwenikweni, kungoti uchi sapatsa mwana wosakwana chaka. Nawo mandimu, chiyambire nthawi ya Covid-19 pamene dziko lonse linkadzifukiza bulugamu, adayamba kudzimva ngati maapozi.

Wina anenanso kuti ndikulankhula ngati munthu wosadziwa mzere wa kuchipatala. Kudzuka m'mamawa, kutaya geni ya tsiku lonse, nkukauzidwa kuti mankhwala kulibe mukagule. Apa ndiye ndavula chipewa, chifukwa n'zoona, ndipo amene amatinena umbuli ayambe aima pamzerewo. Munthu sapita kugolosale chifukwa chokonda wogulitsa sopo kuposa dokotala. Komabe mfundo imeneyi ikundithandiza ine. Ngati ndalama ndi yosowa chotere, bwanji tikuitaya podyetsa mlamu amene achoka yekha? Ndipo apa ndisiye kaye nthabwala. Kugulitsa maantibayotiki limodzilimodzi ngati maswiti, popanda kalata ya dokotala, ndi kuba mankhwala a ana athu. Kapisozi aliyense womwedwa popanda chifukwa amaphunzitsa mabakiteriya kupirira, ndipo tsiku limene mwana adzadwale chibayo chenicheni, amoxicillin yemweyo adzafika atatha mphamvu. Amene ali ndi udindo woyendera magolosale ndi misika akudziwa bwino komwe makapisoziwa ali, pakuti nawonso amagula buledi pomwepo.

Chodabwitsa china chili pa ife tomwe. Munthu yemwe amalipira mankhwala osagwira ntchito amathawa kuyezetsa kwaulere. Si aliyense wogogoda pachifuwa amene ndi mlamu. Wina ndi wakuba wovala jekete la alamu, ndipo dzina lake ndi TB, chifuwa chachikulu. A zaumoyo amati chifuwa chikafika masabata awiri tikapereke makhololo, ndipo amene ali ndi HIV asadikire n'komwe masabatawo. Muona ngati ndikudzitsutsa, poti ndanena kuti masiku 18 si achilendo. Ayi ndithu. Kuno kwathu TB ndi yambiri, choncho ngakhale mlamu weniweni aonetse chiphaso. Kusiyana kwake kumaonekanso. Mlamu amachepa mphamvu sabata ndi sabata, pamene wakuba amanenepa inu mukuonda, mukutuluka thukuta usiku, thupi likutentha, mwina magazi akuoneka m'makhololo. Kubanika ndi kupweteka pachifuwa nakonso sikodikirira mawa, makamaka kwa mwana amene akupuma mothamanga. Mawu akasasa kupitirira masabata atatu, makamaka kwa osuta ndi okonda kachasu, dokotala ayang'ane kukhosiko chifukwa khansa ya kholingo imayamba chomwecho. Chifuwa chosatha chingakhalenso mphumu kapena asidi wobwerera kuchokera m'mimba, ndipo zonsezi wogulitsa pagolosale sangazione ngakhale atavala magalasi.

Kuyeza makhololo m'zipatala za boma n'kwaulere, makina a GeneXpert amapereka yankho mwachangu, ndipo mankhwala a TB, omwe amamwedwa miyezi 6, salipiritsa ngakhale tambala. M'dziko limene mchere, machesi ndi chimbudzi cha pamsika zakwera mtengo, pali ofesi imodzi yokha imene ikupempha chinthu chimene ine ndili nacho chochuluka, ndipo ikuperekanso kabotolo kolavuliramo. Koma ife abambo timazemba, ati anthu angatione nkuyamba kutinena. Anthu ake ndi omwewo amene takhala tikuwatsokomolera m'khosi mwezi wathunthu mu minibasi ya ku Ndirande, mawindo onse ali otseka chifukwa mayi wa pampando wakutsogolo wangokonzetsa tsitsi.