Madzi Saiwala Khwawa, Ngakhale Khadi Likhale la Madola Mamiliyoni

Ku America kuli anthu akuluakulu ndithu, ena a imvi, ena madokotala ndi maloya, amene chuma chawo chapamtima ndi timapepala tolimba tochepa kuposa chikhatho. Kutsogolo kwa kakhadiko kuli chithunzi cha katswiri wa baseball, basketball kapena mpira wamiyendo, kumbuyo kuli manambala a zomwe ankachita m'bwalo. Basi, kathera pomwepo. Sikadyedwa, sikafundidwa, ndipo mutakasonkhezera pamoto sikangawiritse ngakhale madzi a tiyi. Koma mu Ogasiti 2022 khadi limodzi la katswiri wa baseball Mickey Mantle, lomwe kampani ya Topps inasindikiza mu 1952, linagulidwa pa okushoni ndi madola 12.6 miliyoni. Chaka chomwecho khadi la Pelé la 1958 linapitirira madola 1 miliyoni. Ndiye ngati mumafuna kuseka, sekani mwaulemu.

Kale makhadiwa ankangowaika m'mapaketi a ndudu, kenako m'mapaketi a chingamu, kuti katundu ayende malonda. Lero ali ndi makampani awoawo owayeza. PSA, yomwe inayamba mu 1991 ku California, imalandira khadi, kuliunika pa galasi lokulitsa zinthu, kuona ngati makona ali akuthwa, ngati m'mbali simunakwechetuke, ngati chithunzi chili pakatikati penipeni, n'kulipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 10. Amene anaonapo ogula fodya ku Kanengo akufwanthula belo ndi nkhope yosafuna moni akhoza kumvetsa mtima umene mwini khadi amadikira nawo chigamulo. Likapeza 10, mwini wake amayenda motukula chifuwa. Likapeza 9 amadandaula ngati amubera. Akatha kuyeza amalitsekera m'kabokosi ka pulasitiki koonekera, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe chala chimene chidzalikhudzenso.

Chala ayi, koma madzi sanasaine nawo panganolo. Mdani wamkulu wa pepala ndi chinyezi, ndipo anthu ambirimbiri otolera makhadi amakhala ku Florida, Texas, Louisiana ndi madera ena amene chaka ndi chaka amachezeredwa ndi anamondwe ochokera m'nyanja ya Atlantic ndi Gulf of Mexico. Ndi mtundu womwewo wa namondwe umene ife tinauona kwa Freddy mu 2023, choncho sindikusowa kukufotokozerani mmene umagwirira ntchito. Makolo athu, omwe sanaonepo khadi la baseball, anamaliza kale nkhaniyi m'mawu atatu: madzi saiwala khwawa.

Ku Houston mwambiwu anaumasulira ndi simenti. M'zaka za m'ma 1940 mainjiniya a asilikali anamanga madamu awiri, Addicks ndi Barker, kuti mvula ikachuluka madzi azidikirira kumeneko m'malo mothamangira mumzinda. Zaka zinapita, malowo anakhala ouma, udzu unamera bwino, anthu ogulitsa mapuloti anayang'ana n'kuona kuti ndi malo okongola. Nyumba zinamangidwa mpaka m'dera limene linali chipinda chodikirira cha madzi. Mu Ogasiti 2017 namondwe Harvey anafika, ndipo m'madera ena a Texas munagwa mvula yoposa mita imodzi ndi theka m'masiku ochepa, yoposa imene Lilongwe amalandira chaka chathunthu. Madzi atafika pa malo awo akale anapeza alendo atayala makapeti, ataika masofa, ena atasanja mabokosi a makhadi m'galaja. Sanakangane ndi munthu. Anangolowa n'kukhala pansi.

Ena anati dikirani, ife ndife ochenjera, tikakhala kumapiri. Mzinda wa Asheville ku North Carolina uli pamtunda, makilomita mazanamazana kuchokera kunyanja, ndipo anthu ankautchula ngati malo othawirako nyengo zoipa. Koma mtsinje wa French Broad unasefukirapo koopsa mu Julayi 1916. Amene anaona zimenezo anamwalira, ana awo anakalamba, zidzukulu zinatsegula masitolo ndi malo ojambulira zithunzi m'mbali mwa mtsinje. Mu Seputembala 2024 namondwe Helene anabweretsa madzi amene anapitirira pomwe anafika mu 1916. Zaka 108, koma njira sanafunse kwa aliyense. Apa nthabwala ziyambe zaima, chifukwa Helene anapha anthu oposa 200, ndipo amene anataya makhadi okha anali m'gulu la amwayi. Iwo eni amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake amalira makhadi awo motsitsa mawu, pakati pa anzawo okhaokha, monga amachitira munthu amene waferedwa galu pa tsiku la maliro a amfumu.

Funso limene limawasowetsa tulo n'lakuti chumachi achisunge pati. Nyumba zambiri za ku New York ndi New Jersey zili ndi chipinda chokumbidwa pansi pa nyumba, ndipo kumeneko n'kumene mayi wa pakhomo amathamangitsirako katundu yense amene safuna kumuona pabalaza, kuphatikizapo makhadi a bambo. Namondwe Sandy atabwera mu Okutobala 2012, zipinda zimenezi n'zimene zinayamba kudzaza. Munthu wakumba yekha dzenje, waikamo chuma chake cha mapepala, kenako akudabwa kuti madzi alipeza bwanji. Nkhani za mwayi zimachokera kudenga. Mu 2012 banja lina ku Defiance, m'chigawo cha Ohio, linapeza makhadi pafupifupi 700 a mu 1910 m'chipinda cha kudenga, ali atsopano ngati asindikizidwa dzulo, ndipo akatswiri anati ndi a madola mamiliyoni. Tsono kwezani makhadi kudenga, mudzatero. Inde, koma Ohio ili kutali ndi nyanja. Ku Fort Myers, kumene namondwe Ian anawomba mu Seputembala 2022, madzi ankalowera pakhomo pomwe mphepo inkasasula madenga. Pansi pali mwini wake, pamwamba pali mwini wake, ndipo wotolera makhadi watsala ndi pamwamba pa wodilopu.

Ndiye taganizirani banja limene lalamulidwa kuthawa. Galimoto ndi imodzi. Pali ana, agogo, galu, mankhwala, zikalata za nyumba ndi zithunzi za ukwati. Bambo aima pakhomo atakumbatira bokosi lachitatu. Mayi akufunsa modekha, kudekha kuja kumene mwamuna aliyense amakuopa, kuti, "Bambo, inu ndi mabokosi anuwo, akwere ndani?" Apa m'pamene ukwati umayezedwa makona ndi m'mbali, ndipo si onse amene amapeza 10. Vuto lina n'lakuti kwa zaka zambiri bamboyo wakhala akuwauza mayi kuti khadi lililonse analigula motchipa. Lero afotokoza bwanji kuti bokosi la zinthu zotchipa likhale pampando wakutsogolo, apongozi akhale kumbuyo ndi galu?

Amene amasiya makhadi m'nyumba amadzitonthoza kuti ali m'timabokosi ta pulasitiki tija. Akabwerera amaphunzira kuti kabokosiko anakapangira kuletsa zala ndi akuba osinthanitsa makhadi, ndipo kakamira madzi amatha kulowa pang'onopang'ono m'mphepete. Akalowa satulukanso msanga. Mwini wake amangoyang'ana katswiri wake wa madola masauzande akusambira kuseri kwa pulasitiki, malikisi a 10 akadali pamwamba. Makhadi onyezimira amene anasanjikizidwa m'bokosi amamatana n'kukhala chinthu chimodzi cholimba chimene eni ake amachitcha njerwa, ndipo ukayesa kuwalekanitsa nkhope ya wosewera wina imatsalira pamsana pa mnzake. Pakangotha tsiku limodzi kapena awiri chuku chimayamba. Akatswiri osamalira mabuku ndi zikalata zakale amalangiza kuti pepala lonyowa, ngati sungaliumitse msanga, uliike m'firiji yoziziritsa kwambiri kuti chuku chisamere. Ndi malangizo abwino, kungoti namondwe akadutsa magetsi amakhala atazima. Kumene jenereta ikulira, mwana wotumidwa kukatenga nkhuku amabwerera ndi Michael Jordan.

Nzeru zina zimachokera pa Facebook. Mu 2017, namondwe Irma akuyandikira Florida, uthenga unafalikira wakuti zinthu zamtengo wapatali muziike m'makina otsukira mbale, chifukwa chitseko chake sichitulutsa madzi. Anthu anaugawana mokondwa. Anaiwala kuti makinawo ali ndi paipi yotayira madzi akuda, ndipo chigumula chikafika madzi a m'ngalande amabwerera kudzera m'paipi yomweyo. Pa makina onse a m'nyumba, anasankha amene anapangidwira kuti madzi azilowamo.

Kenako pamabwera wa inshuwalansi, atavala nsapato zoyera. Inshuwalansi wamba ya nyumba ku America silipira zowonongeka ndi kusefukira kwa madzi. Pamafunika ina yapadera, ndipo yodziwika kwambiri ndi ya boma, National Flood Insurance Program, yomwe inakhazikitsidwa mu 1968. Amene analemba malamulo ake ankawadziwa bwino anthu athuwa, chifukwa makhadi a masewera anawatchula mwachindunji, m'gulu la zinthu zimene zonse pamodzi salipira kupitirira madola 2,500. Katundu wa m'chipinda cha pansi chija ndiye ambiri salipira n'komwe, kupatula zinthu zochepa monga makina ochapira, firiji yoziziritsa kwambiri ndi chakudya chimene chili m'katimo. Werengani bwino pamenepo. Nkhuku ili pa inshuwalansi, Mickey Mantle palibe.

Koma pali chinthu chimene otolera makhadi sakonda kuchinena mokweza: madzi ndi mnzawo wakale pa bizinesi. Khadi la Mantle lija, nambala 311, linali m'gulu lomaliza la 1952, lomwe linatuluka mochedwa ana atayamba kale kuganiza za masewera ena. Makatoni anatsalira m'nyumba yosungiramo katundu kwa zaka. Sy Berger, bwana wa ku Topps amene anakonza makhadiwo, ankasimba kuti anayesa kuwagulitsa pamtengo wotaya koma palibe anawafuna, mpaka cha m'ma 1960 anawakweza pa bwato lonyamula zinyalala n'kukawakhuthulira m'nyanja ya Atlantic. Amene anatsala pamtunda anasanduka osowa, ndipo kusowa ndiko kumabala mtengo. Pa madola 12.6 miliyoni aja, nyanja ili ndi gawo lake lomwe sinalandire. Mwina zimene imachita chaka ndi chaka m'magalaja a ku Florida ndi kutolera ngongole.

Ntchito yotsala anaigwira amayi. Pafupifupi bambo aliyense wachikulire ku America ali ndi nyimbo imodzi, yakuti akanakhala wolemera amayi ake akanapanda kutaya bokosi lake iye atachoka pakhomo. Saganiza kuti amayi onse akanasunga, makhadiwo akanakhala opanda ntchito. Umboni ulipo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990 anthu anachenjera, aliyense anayamba kusunga, makampani monga Donruss, Fleer ndi Topps anasindikiza mosawerengera, ndipo lero makhadi ambiri a nthawi imeneyo ndi ochuluka kuposa owafuna. Ndiwo amadzaza magalaja. Chigumula chikakokolola mabokosi khumi a mtundu umenewu, anzake amamupepesa mnzawo ndi nkhope zachisoni, koma pobwerera kwawo aliyense amayang'ana mabokosi ake ndi chiyembekezo chatsopano.

Akuluakulu ponena za khwawa ankanenanso za munthu, kuti chizolowezi chimabwerera kumene chinazolowera. Apa ndiye mwambi wapeza mwini wake. Munthu amene walumbira pamaso pa mkazi wake, matope ali m'mawondo, kuti makhadi wasiyana nawo, mum'patse miyezi itatu. Ayamba ndi kungoyang'ana pa eBay, akuti akufuna kudziwa mtengo wa zomwe anataya. Kenako agula limodzi lokha, lachikumbutso. Khoma lisanaume bwino, wa positi wayambanso kudziwa dzina la galu wa pakhomopo. Ndipo msika umamulimbikitsa, chifukwa ngakhale chowonongeka chili ndi wogula dzina likakhala lalikulu. Mu 2022 khadi la katswiri wa baseball Honus Wagner la m'mapaketi a ndudu a m'ma 1909, long'ambika pafupifupi theka, linagulidwa ndi madola oposa 475,000. Aliyense amene ali ndi njerwa yake m'firiji anamva nkhani imeneyo, ndipo njerwayo sitayidwanso.

Olemera apeza njira yawo. Makampani ena anamanga nyumba zotetezedwa ku Delaware ndi ku Oregon, zoziziritsidwa bwino, za alonda usana ndi usiku. Munthu amagula khadi pa intaneti, limapita kumeneko, iye amaliona pa foni, ndipo tsiku lina amaligulitsa asanaligwirepo n'kamodzi komwe. Madzi salipeza, zoona, komanso mwini wake salipeza. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine ndikuona kuti mwana wa m'ma 1950 amene anamangirira Mantle ku masipoko a njinga kuti izilira ngati njinga yamoto anadyerera khadi lake kuposa bwana amene amalipira lendi kuti lake lizigona ku Delaware.

Ngati muli ndi m'bale ku Houston, Tampa kapena New Orleans amene walowa chipembedzo chimenechi, musavutike kumulalikira kuti asiye, sangamve. Ingomuuzani afunse anthu akale a m'deralo kumene madzi anafika ulendo watha, akweze mabokosi kupitirira pamenepo, ndipo awauze mayi mtengo weniweni kusanade. Nyengo ya anamondwe ku Atlantic imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala, ndipo inshuwalansi ya boma ija nthawi zambiri imayamba kugwira ntchito pakatha masiku 30 chiigulireni.