Thundu la Mnzanu wa ku Joni

Mwezi wa Epulo ukafika ku Stellenbosch, tauni ya minda ya mphesa imene ili makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Cape Town, woyenda mumsewu wa Dorp amafunika kusamala mutu. Mitengo ya thundu, imene eni dziko amati oak, imakhala ikuyoyola njere: pa denga la galimoto kho, pa dazi la munthu kho! Eni tauni amangosesa n'kutaya. Koma mlembi wa danga lino anakulira pakhomo pamene chogwa mumtengo sichisiyidwa pansi, ndiye poweruka kuntchito yake yosamalira maluwa, matumba a ovolosi anali tho ndi njere.

Mtengowu ankangoumva kutchalitchi, pa nkhani ya Abisalomu amene anakodwa mutu m'nthambi nyulu yake n'kupitirira. Kuno anaupeza uli ndi mbiri. Bwanamkubwa Simon van der Stel, amene anakhazikitsa tauniyi mu 1679, ndiye analimbikitsa kubzala mitengo yochokera ku Ulayayi. Koma chifukwa cha kufunda kwa kuno inakula mofulumira kwambiri, matabwa ake n'kukhala osalimba mokwanira kupangira migolo ya vinyo, moti mpaka lero opanga vinyo amaitanitsa migolo ku France ndi ku America. Ngati bwanamkubwa wathunthu zinamuvuta, mnzanuyu anaona kuti palibe manyazi kuyesako.

Atafika kunyumba anachita zimene mwana wa mlimi aliyense angachite: anayanika njerezo pa malata ngati mtedza. Apa ndiye anazipheratu. Njere ya thundu ikauma, moyo wake watheranso pomwepo. Imafuna kutoledwa ikangogwa, idakali yolemera ndi yonyezimira, n'kusungidwa ponyowa. Anakatolanso zina, ulendo uno n'kuzisunga mu jumbo pansi pa bedi.

M'mawa wina mayi a kunyumba akusesa anakuwa. Pansi ponse panali timphutsi toyera, tonenepa, tikukwawa mosafulumira kulowera kukhomo.

"Abambo, kodi mwayamba kuweta zimenezi?"

Mlembi wanu anatsokomola n'kufotokoza ngati mlangizi wa zaulimi. Pali kachilombo ka mtundu wa nankafumbwe kamene kamaboola njere idakali yanthete mumtengo n'kuikiramo dzira. Mphutsi imadya m'kati, ndipo njere ikagwa imaboola kabowo kobulungira n'kutuluka kukabisala m'nthaka. N'chifukwa chake odziwa amayamba achotsa kachipewa ka njere n'kuponya zonse mu ndowa ya madzi. Zomira ndi zabwino, zoyandama nthawi zambiri zimakhala zofumbwa kapena zouma. Mayi anamvetsera mpaka pa mapeto, kenako anamupatsira tsache.

Ndiye panabwera nkhani ya firiji. Foni inamuuza kuti njere zimafuna kuzizidwa mwezi umodzi kapena iwiri zisanamere, iye n'kuzikulunga m'nyuzipepala yonyowa, kuziika pambali pa ndiwo za mawa. Foniyo sinaname, koma inkanena za thundu lofiira la ku America. La ku Ulaya, lomwe ladzaza ku Stellenbosch, silidikira chisanu: likangogwa pa dothi lonyowa limatulutsa muzu. Mlandu wa firiji unazengedwa mpaka mlamu wake wa ku Kraaifontein anaumva, pamene njerezo zinkangofuna dothi basi.

Kubzala kwenikweni n'kosavuta. Mtengowu umayamba ndi muzu umodzi wautali wolunjika pansi, choncho kachitini ka nsomba sikangathandize; pamafunika chubu chakuya masentimita 30, kaya botolo la malita awiri lodulidwa kukamwa n'kubooledwa kunsi. Njere imagonekedwa cham'mbali, n'kukwiriridwa ndi dothi la masentimita awiri kapena atatu. Kuthirira n'kongonyowetsa, osati kudikha. Chovuta ndi mtima wa mwini wake. Nyengo yonse yozizira muzu umagwira ntchito pansi, pamwamba pali zii, ndipo tsinde limadzaonekera cha m'ma Seputembala. Mnzanuyu ankafukula ndi chala Lamlungu lililonse kuti aone ngati zikuyenda. Zina zinafa ndi kuzondedwa komweko.

Zotsala anazipeza agologolo. Awa ndi otuwa aja, kwawo kwenikweni ndi ku North America, ndipo anabwera nawo kuno ndi Cecil Rhodes cha m'ma 1900. Alendo ngati mlembi wanu yemwe, koma iwo palibe amawafunsa mapepala. Gologolo amafukula botolo, kutenga njere, kukhala pa mpanda n'kumaidya akukuyang'ana m'maso. Mankhwala ake ndi waya wa khola la nkhuku wophimba pamwamba, ndipo wayayo anadya ndalama yoposa imene mnzanuyu anauza mayi.

Pomaliza kamtengo kamodzi kanatuluka, masamba ake okhotakhota m'mbali, ofiirira poyamba kenako obiriwira. Mwini wake anakajambula n'kutumiza kumudzi pa WhatsApp. Yankho la amalume linali lalifupi: "Zipatso zake amadya?"

Ayi, amalume, n'zowawa. Anthu amene ankazidya ankayamba azisinja n'kuziviika m'madzi nthawi yaitali. Ku Spain amanenepetsera nkhumba, ndipo nyama yake ndi yodula zedi. Nkhumba mlembi wanu alibe.

"Nanga ubereka liti?" Funso ili linachokera kwa mayi, ndipo ndi limene linathetsa msonkhano. Thundu la ku Ulaya limayamba kubereka bwino likafika zaka pafupifupi 40. Pasipoti ya Malawi imatha pa zaka 10, ndiye kuti mnzanuyu adzafola pa mzere kanayi asanaone njere yoyamba. Mango olumikiza akanabereka m'zaka zitatu kapena zinayi. Munthu anachoka kwawo kudzasaka ndalama zachangu, wakasankha mtengo womwe ku England, m'nkhalango ya Sherwood, ulipo wina wotchedwa Major Oak umene akuti unafika zaka pakati pa 800 ndi 1,000.

Mavuto sanathere pomwepo. Mtengowu umatha kutalika kupitirira mamita 20, ndipo mwini nyumba wanena kale kuti pabwalo pake pamakwana chingwe choyanikira zovala chokha. Palinso kachilombo koboola mitengo, kotalika mamilimita awiri okha, kamene kanapezeka ku Pietermaritzburg mu 2017 n'kufika ku Somerset West mu 2019. Kamalowetsa nkhungu m'thunthu, ndipo thundu ndi umodzi mwa mitengo imene kakupha. Kupita nako kumudzi kamtengoka sizingatheke mwachisawawa, pakuti mbewu sidutsa pa Beitbridge kapena pa Mwanza popanda chikalata cha a zaulimi.

Choncho owerenga amene muli kuno ku Joni, ngati muli ndi malo aakulu, mtima wodekha ndi zidzukulu zomvera, bwerani mudzatenge mbande yaulere. Waya wa agologolo mubwere ndi wanu.