Rimoti Ili M'dilowa ya Abwana

Munthu wa kwa Bundabunda akati akafunse za kukokera magetsi kapena mpopi pakhomo pake, amasamba m'mamawa, kuvala malaya a kutchalitchi, n'kukaima pa Great East Road kudikira minibasi ya ku Chongwe kapena ya ku Lusaka. Fomu ndi chifukwa chongonenera kunyumba. Chenicheni akufuna akazizidweko. Kwathu kuno ofesi imapatsidwa ulemu ikakhala yagalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, matailosi oterera oti agogo agwire khoma, ndi makina oziziritsa akulira cha m'mwamba. Ofesi ya khonde lalikulu ndi mawindo otsegula timaiyesa depoti ya feteleza.

Chaka cha 2024 chinatiululira zambiri. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku damu lopangira magetsi la Kariba anatsika kwambiri, ndipo pofika nyengo yotentha madera ambiri ankaona magetsi maola atatu okha patsiku. Nyumba zagalasi zija zinasanduka uvuni wa njerwa.

Pali ofesi ina yomwe sinditchula dzina, poti fomu yanga idakali komweko. Mawindo ake satseguka. Amene anajambula pulani ankaopa kuti anthu angatulutse kuzizira. Jenereta ikalira imadyetsa makompyuta awiri ndi chipinda cha abwana basi. Abwanawo mu October amavala jekete ndi tayi, chifukwa munthu wovala jekete dzuwa likuswa mtengo amakhala akulengeza kuti iye ndi thukuta anasiyana kalekale. Rimoti ya makina oziziritsa imagona m'dilowa yawo pamodzi ndi chidindo. Akapita kumaliro, ofesi yonse imalira nawo.

Ena tonse timakhala panja, pansi pa mtengo wa mango womwe kontilakita anaiwala kudula. Kalaliki amatulutsa tebulo, mlonda amakonza mzere, mayi wa zitumbuwa ndi munkoyo amafika osaitanidwa. Pamenepo ntchito imayenda mofulumira kuposa mkati, koma aliyense amapepesa. "Mutikhululukire ba mudala, lero takulandirirani panja." Mdalayo, yemwe mphepo ikumupita bwinobwino m'khwapa, amayankha mwaulemu kuti palibe kanthu, zimachitika.

Kenaka inabwera fashoni ya sola. M'dziko muno sola yeniyeni ilipo: malo a Bangweulu ku Lusaka South, a mamegawati 54, anatsegulidwa mu 2019, ndipo a ku Chisamba, a mamegawati 100, mu 2025. Ofesi yathu nayo sinafune kutsalira. Mwana aliyense woika sola pamsika akuuzani kuti kuno kumwera kwa dziko lapansi mapanelo amayang'ana kumpoto, komwe dzuwa limadutsa. Athuwa anawayang'anitsa kumsewu, kuti odutsa aziona chitukuko. Fumbi lakhalapo mpaka mutha kulembapo dzina ndi chala. Mesenjala akuti kupukuta ndi ntchito ya injiniya. Injiniya akudikira galimoto ndi alawansi.

Thanki yokolola madzi a mvula iliponso, yokongola ndithu, ndipo mpopi wake ndi wokhoma ndi loko. Kiyi ali ndi ofisala amene anapita ku Livingstone ku msonkhano wa kusintha kwa nyengo.

Komabe kasola kaja kamayatsa soketi imodzi pafupi ndi kauntala, ndipo soketi imeneyo yasintha khalidwe la anthu. Kale munthu ankadandaula mwachidule n'kumapita. Lero amayamba ndi kupereka moni kwa onse, kufunsa za ana, kwinaku dzanja likulowetsa tchaja.

"Ba mayi, nkhani yanu taimva, mubwere Lachinayi."

"Iyayi ba bwana, sindinafike penipeni," akutero mayiyo, diso lili pa foni. Dandaulo limatha batire ikadzaza.

Chonsecho nyumba ikhoza kuzizira osadya magetsi ambiri. Ku Harare kuli nyumba yotchedwa Eastgate, yomwe inatsegulidwa mu 1996. Mick Pearce, amene anajambula pulani yake, anaphunzira kwa chiswe. Mpweya wozizira wa usiku umalowa n'kuziziritsa konkire, wotentha umakwera n'kutulukira m'machumuni padenga, ndipo magetsi amapita ochepa. Anthu amachokera kutali kukaiona. Ife chulu tili nacho kuseri kwa nyumba. Timakumbapo dothi la njerwa ndi kugwirapo inswa mvula ikagwa. Koma kaimeni pamsonkhano wa komiti ya zomangamanga munene kuti ofesi yatsopano itengere chulu. Wapampando adzavula magalasi, n'kukufunsani ngati mwabwera kudzanyoza boma. Nsaka yaudzu ya agogo, momwe milandu ya mudzi wonse inkathera popanda wina kukomoka, ndiye musaitchule n'komwe, ngakhale alendo amalipira madola kuti akagone pansi pa udzu womwewo kumalo ogona a ku Lower Zambezi.

Komitiyo inakumanadi, m'chipinda cha abwana, zitseko zotseka. Inagwirizana kuti anthu okhala panja akuipitsa maonekedwe a nyumba. Mtengo wa mango aupaka kale penti wofiira. Pamenepo pakhala poimika galimoto ya abwana, ndipo tenda ya malata oti aziipatsa mthunzi yatuluka kale.