Ufulu wanga umathera pageti la Thazima

Kwathu kuno ku Thazima amandidziwa kuti ndine loya. Sukulu ya zamalamulo sindinapondeko, koma ndili ndi kabuku ka malamulo oyendetsera dziko kamene ndinalandira pamsonkhano wina wa za ufulu wachibadwidwe, pamodzi ndi Fanta ndi banzi. Anzanga anasamala za banziyo, ine ndinasamala zonse ziwiri. Masiku ano ndikangotulukira pabawo kabukuko kali m'thumba la malaya, anthu amayamba kukumbukira kuti mbuzi zawo sanamange.

Gawo limene ndimalikonda kwambiri ndi la 39, londilola kuyenda ndi kukhala paliponse m'Malawi muno. Paliponse, abale anga. Nditafuna, mawa lomweli ndikhoza kukagona ku Chelinda, n'kudzuka m'mawa kuonerera mbidzi zikudya msipu. Geti la paki ya Nyika lili pakhomo pompano, palibe lamulo londiletsa kulowa, ndipo Mmalawi amalipira ndalama zochepa kuposa mlendo wakunja. Vuto ndi laling'ono chabe: kuchoka pageti kukafika ku Chelinda pali makilomita pafupifupi 60, zitunda zokhazokha, ndipo njinga yanga mabuleki ake ndi chidendene changa. Ndiye ndimaima pambali pamsewu, mzungu wa ku Germany amene Gawo 39 sanalimvepo n'kudutsa pa Land Cruiser, kundikwezera dzanja ndi kundisiyira fumbi. Ine ndimabwezera moniwo mwaulemu wonse, monga mwini dziko.

Akuluakulu a kuno nkhani ya geti ili amaifotokoza mosaseka. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1965, yoyamba m'dziko muno, ndipo mu 1978 boma linaikuza mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000. Midzi yambiri inasamutsidwa, anthu kusiya minda, ming'oma ya njuchi ndi manda a makolo awo. Panthawiyo munthu sunkafunsa chifukwa. Wopanda khadi la chipani pamsika salowa, watsitsi lalitali lumo likumudikira, ndipo Chitumbuka chinali chitachotsedwa kale pawailesi mu 1968. Kenaka mwana wa kuno ku Rumphi, Chakufwa Chihana, anatsika ndege mu April 1992 n'kumangidwa pabwalo la ndege pomwepo. Pa 14 June 1993 tinasankha nyali ya zipani zambiri, mu 1994 kunabwera malamulo atsopano okhala ndi mutu wathunthu wonena za ufulu. Malo aja sanabwerere ayi, koma tsopano tikhoza kudandaula za iwo mokweza, ngakhale pawailesi, bola ukhale ndi mayunitsi.

Musandimve molakwa, ufulu wodandaulawu sindikuupeputsa. Amalume anga ankati akafuna kutchula dzina la Kamuzu amayamba ayang'ana kudenga, ngati kuti Apayoniya agona pa mtanda wa nyumba. Ine pabawo ndimatukwana boma lililonse, lapitalo, lilipoli ndi likubweralo, usiku n'kugona tulo tabwino.

Amene anandichititsa nsanje ndi njovu. Mu 2017 njovu 34 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kubwera kuno ku Nyika. Kunali helikopita, madokotala, magalimoto akuluakulu, ndipo pofika zinapeza malo otchingidwa bwino akuzidikira. Palibe njovu imene inafunsidwa ya thiransipoti. Ine ndikafuna kupita ku Rumphi boma ndimakwera matola, kukhala pamwamba pa matumba a chimanga, nkhuku ya eni ake ili pamwendo, ndi kulipira ngati ndakhala kutsogolo ndi dalaivala. Chaka chomwecho lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa, moti wopha njovu akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 30. Njovu sivota, ilibe chiphaso cha unzika, sinaimepo pamzere wa fetereza wotsika mtengo. Ndinayesa kufufuza m'kabuku kanga kuti gawo lake ndi liti, sindinalipeze.

Nyama sindidana nazo. Madzi amene timamwa amatsika kuphiri la Nyika komweko, alimi a njuchi amapindula, ndipo bungwe la Nyika-Vwaza Association limalandirako gawo la ndalama za paki m'malo mwa midzi yozungulira. Mu 2023 boma linasainirana ndi a Peace Parks Foundation pangano la zaka 20 losamalira Nyika ndi Vwaza. Zaka 20! Ine pangano lalitali limene munthu anandikhulupirirapo ndi la mwezi umodzi, ndipo ndinachita kusiya wailesi ngati chikole.

Za msewu ndingodutsapo, chifukwa aliyense wofuna mpando anadutsapo kale. Msewu wa Rumphi-Nyika-Chitipa walonjezedwa ndi maboma osiyanasiyana, ndipo pamalonjezo pokha phula lake linafika ku Chitipa n'kubwerako. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dzinja likafika, amene amagamula za ufulu wanga woyenda ndi matope.

Ufulu wovota ndiye ndimaugwiritsa ntchito mokwanira. Ndimaphunzitsa anzanga kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti, ndipo kuti voti ndi chinsinsi cha munthu. Ndikamaliza phunzirolo ndimakaima pamzere wa masikipa, kuti ndione ndi maso anga mmene lamulo likuphwanyidwira. Umboni ndasonkhanitsa wambiri: wachikasu, wabuluu, waolenji, wofiira. Mayi a kunyumba akachapa n'kuyanika, pachingwe pathu pamakhala boma la mgwirizano limene ku Lilongwe silinaonekepo.

Koma pali munthu mmodzi amene pamaso pake kabuku kanga kamakhala chete. Ndi mnyamata wa golosale, amene amagulanso fodya ndi kukongoza ndalama za katapila. Ndinamuona akubadwa, ng'ombe ndinamuphunzitsa kuweta ndine, lero ndimamutchula kuti bwana, chipewa chili m'manja. Malamulo amati ndili ndi ufulu wogwira ntchito ndi kuchita malonda paliponse, choncho fodya wanga ndikhoza kukagulitsa ndekha ku okushoni ku Mzuzu. Koma fodya amafuna fetereza mu December, mimba imafuna chimanga mu February, okushoni amatsegula cha mu April. Miyezi ya pakatiyo ndi ya bwana. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, thumba la fetereza linathawira kumwamba, ine ndinathawira kugolosale. Pofika nthawi yothyola, fodya uja amakhala ali ndi mwini wake kale, ine ndangotsala woyang'anira chigafa.

Chodabwitsa n'chakuti mnyamatayu sanandiopsezepo. Alibe chikwapu, alibe ndende, khadi safunsa. Amangotsegula kope lake n'kunyowetsa chala. Mtsogoleri wa dziko ndimamudzudzula dzina ndi dzina, chifukwa ali kutali ndipo sandidziwa. Bwana wa golosale akayamba nthabwala, ine ndimaseka asanamalize. Tsiku lina ananena kuti anthu osauka ndi aulesi, ndipo ndinamva mawu akuti "zoonadi bwana" akutuluka pafupi kwambiri ndi ine. Nditatembenuka ndinapeza kuti pamalopo tinalipo awiri basi.

Madzulo ake ndinafotokozera mayi a kunyumba kuti Gawo 30 limatipatsa tonse ufulu wa chitukuko, ndipo limatchula chakudya, maphunziro, chipatala ndi zomangamanga monga misewu. Anamvetsera bwinobwino uku akupala moto.

"Abambo, zonsezo zalembedwa m'menemo?"

"Zonse, mayi."

"Ndiye tawerenganinso pa chakudyapo mokweza, ana amve, chifukwa ufa watha."

Ndipo anawonjezera kuti masamba awiri a m'kabukuko anayatsira moto sabata yatha, poti nkhuni zinali zonyowa. Ndinafuna kukwiya, koma nditaona ndinapeza kuti anang'amba mbali yonena za malumbiro a akuluakulu a boma.

Tsopano ndaganiza zochitapo kanthu. Gawo 38 limandilola kuchita zionetsero mwamtendere, ndipo ndakonza zoti tiyende kuchokera pabawo mpaka pagolosale, kukana katapila. Anzanga atatu avomera kale, mmodzi wati abwera ngati kudzakhale Fanta. Lamulo limafuna kuti tidziwitse bwanamkubwa pasadakhale, osachepera maola 48, ndipo ofesi yake ili ku Rumphi boma. Kalata ndalemba, ndasainira, ndaika mu envulopu. Chatsala ndi ya matola yopita ndi yobwerera, ndipo kuno woti angandibwereke ndalama imeneyo mwezi uno ndi mmodzi yekha. Wati ndipite Lachisanu, nditenge njinga ija ngati chikole.