Kaputeni wa ku Dedza

Chinandipachika ndi pakamwa panga. Kuntchito kuno ku Joni, anzanga Achizulu akafunsa za kumudzi, ndimawauza kuti Mmalawi aliyense amabadwa atafumbata nkhafi. Ndimawasimbira za Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951, kuchoka ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba, ngati kuti chiwongolero chake ndinkagwira ndine. Chonsecho kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, kumene madzi ambiri amene ndinawaonapo ndi a kudimba othirira mbatatesi. Ilala ndinaionera pa kalendala.

A kunyanja enieni ndi mayi a kunyumba, a ku Nkhotakota. Tsiku lina tili m'kachipinda kathu kodula ndi mabolodi ku Doornfontein, anandionetsa pa Facebook bambo wina ndi mkazi wake ali m'boti, magalasi akuda kumaso, zoziziritsa kukhosi m'manja.

"Bambo a mwana, anzathu akudyerera. Ife ulendo wathu ndi wa ku Park Station basi, kukaperekeza katundu wa anthu."

"Amake mwana, Loweruka lomwe lino ndikukwezani bwato."

Mawu atatuluka m'pamene nzeru zinafika. Mzinda uno anaumanga mu 1886 potsata golide, za madzi sanaziganizire. Nyanja kulibe, mtsinje waukulu kulibe. Koma mlonda wa pageti pathu, mkulu wosataya nyuzipepala yakale, anandilimbitsa mtima. Akuti dzina loti Doornfontein limatanthauza kasupe wa paminga, ndipo mtsinje wa Jukskei umayambira konkuno, pansi pa misewu ya kufupi ndi Ellis Park. Umadutsa ku Alexandra, n'kukathira mu Crocodile, n'kulowa m'damu la Hartbeespoort, kenako mu Limpopo, kudzera pansi pa mlatho wa Beitbridge umene tinawoloka pa basi tikubwera, mpaka kunyanja ya mchere kufupi ndi Xai-Xai ku Mozambique. Ndinangoti eyaa, zaka zonsezi ndakhala ndikugona padoko osadziwa!

Lachisanu ndinapita kukazonda ku Bertrams kumene mtsinjewo umatulukira poyera. Abale anga, ndinapeza ngalande ya simenti itanyamula majumbo, mabotolo ndi nsapato imodzi ya kumanzere. Fungo lake, achule amadutsapo atatsina mphuno. Za Xai-Xai zinathera pomwepo.

Tinapita ku Zoo Lake, kanyanja kokumba ka ku Parkview kumene amabwereketsa timabwato. Amene anapereka malowa ku mzinda mu 1904 ananenetsa kuti akhale a anthu a mitundu yonse, ndipo ngakhale m'nthawi ya tsankho akuda ankaloledwa. Anangoiwala chinthu chimodzi: kuletsa anthu a ku Dedza.

Ine ndinkadziwa kuti bwato amapalasa ndi nkhafi imodzi, maso kutsogolo. Mnyamata wa pamenepo anandipatsa ziwiri, n'kundikhazika chofulatira kumene tikupita. Ndinafuna kufunsa, koma kaputeni safunsa. Ndinakoka. Dzanja langa lamanja, limene lakhwima ndi kupukuta magalimoto a eni, linaposa lamanzere, ndiye bwato linayamba kuzungulira ngati nkhuku yodwala chitopa. Tinauona mtengo umodzi womwewo kasanu. Atsekwe analeka kudya n'kumationerera. Ana ali pamtunda ankakuwa m'Chizulu, ndipo ine ndinawauza mayi kuti akutichemerera.

"Bambo, kodi ku Chilumba tifika liti?"

Ndinati ndionjezere moto. Nkhafi inaphonya madzi, ine chagada phii, miyendo m'mwamba, nkhafiyo n'kuyamba ulendo wakewake. Ndinakumbukira kuti kusambira sinditha. Ndinakumbukiranso kuti ndalama yotumizira maliro kumudzi sindinasonkhe miyezi itatu.

"Tasunthani uko. Gwirani chikwamachi."

Mayi anamanga chitenje, n'kukhala kumbuyo kwa bwato ndi nkhafi yotsalayo. Kawiri uku, kawiri uku, monga anaonera kwa alongo awo opha usipa, bwato n'kumvera ngati mwana wobadwa naye. Anakatola nkhafi yothawa ija, anazungulira kachilumba ka pakati, mpaka anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Chibwerereni ku Joni ndinali ndisanawaone akuseka chotero. Ine ndinakhala kutsogolo, chikwama cha azimayi pamiyendo, ndikuloza njira imene iwo anali ataiona kale.

Tsoka sasimba. Pamtunda panali mnzanga wa kuntchito ndi banja lake, akuwotcha nyama, foni ili m'manja. Pofika Lolemba aliyense, ndi bwana yemwe, ankandipatsa sawatcha n'kumanditchula kuti Kaputeni.

Mayi tsopano akuti Disembala ikubwerayi tikakwere Ilala yeniyeniyo, kuchoka ku Nkhotakota mpaka ku Likoma. Ndavomera, poti kumeneko opalasa ndi injini. Koma inu amene chithunzi chija chakufikani pa WhatsApp, chonde musachitumize ku Dedza. Kumeneko amadziwa kuti kuno ndimayendetsa sitima.