Mgwirizano wa matayala anga watha

Ndikulengeza mwachisoni kuti mgwirizano wa matayala awiri akutsogolo a Corolla yanga watha. Lakumanzere likufuna ku Ntaja, lakumanja lakakamira ku Balaka. Ine wogwira chiwongolero ndatsala mtsogoleri wa dzina lokha. Ndikati tikhote, matayala amayamba akhala kaye pansi kukambirana.

Nkhoswe ya mgwirizanowu ndi kachitsulo kotchedwa tie rod, kamene kamatenga lamulo kuchiwongolero kukatula kutayala. Kakatha, tayala limagwedera, limalira kuti gu! gu! pabampu, n'kumadyeka mbali imodzi. Kanga kanafera m'dzenje lina pakati pa Liwonde ndi Balaka, dzenje lachikulire moti pano likanayenera kukhala ndi chiphaso cha unzika.

Makaniko atanditchulira mtengo, ndinafunsa ngati akugulitsa pamodzi ndi galaja.

"Ndi forex, bwana," anatero.

Chigwetsereni Kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ngakhale chitsulo chozula pagalimoto yakufa, momwe nkhuku zimaikira mazira, chimadziwa mtengo wa dola. Ndinagula chitsulo chokha, ntchito ndinati ndigwira ndekha pansi pa mtengo wa mango.

"Bambo aŵa, munayamba liti umakaniko?" anafunsa mayi akunyumba. Mbali yotsutsa boma sisowa chonena.

Ndinatchinga matayala akumbuyo ndi miyala, kukweza jeke, n'kulowetsa chipika pansi, chifukwa jeke payekha ndi lonjezo la pakampeni. Nati yadzimbiri inakana kutula pansi udindo. Ndinaithira oyilo, kuinyengerera, ayi ndithu. Inamvera nditalumikiza paipi kusipanala, alamu anga atalendewerapo. Kenaka hamala: umamenya m'mbali mwa chitsulo chogwira mutu wa tie rod, osati pamazinga, mpaka mutuwo utadumpha wokha.

Chinsinsi chonse chili pakuwerenga. Pomasula yakale umawerenga kuti wazunguza kangati, kuti yatsopano ilowe chimodzimodzi. Ndinasankha alamu kukhala wapampando wa bungwe lowerenga. Tili mkati foni yawo inalira. Atabwerako analengeza zotsatira, mwana wanga anali ndi zake, ine zanga. Alamu anafufuta zawo ndi phazi padothi n'kulemba zina. Tipeksi wa pachisankho cha 2019 uja sanathe, anangosamukira kwathu.

Poyesa pamsewu, matayala anagwirizanadi, koma anagwirizana zopita m'munda wa chinangwa wa eni. Khoti la mayi akunyumba linagamula kuti chisankho chibwerezedwe, ndipo ndinakalipira alayinimenti kwa makaniko yemwe uja. Anandilandira ndi manja awiri.

Koma tisaseke kwambiri. Kachitsulo aka kakaduka minibasi ili paliwiro, tayala limaleka kumvera chiwongolero, anthu onse m'katimo moyo uli kwa Mulungu. Pa lita iliyonse ya mafuta timadulidwa ndalama ya misewu. Pa Chingeni takhala tikulipira pageti kuyambira 2021. Galimoto yanga imayezedwa kuti ipatsidwe chiphaso cha COF, ndipo ikalephera wolipira ndine. Nanga msewu amauyeza ndani, ndipo ukalephera amalipira ndani?

Poyembekezera yankho, matayala akumbuyo nawo ayamba kung'ung'udza. Ndamva kuti akufuna kuyambitsa chipani chawo.