Schumacher Akuthawa Eni Nsapato

Ku England anthu wamba anayamba kukhala ndi dzina la banja losasintha pambuyo pa 1066, Anormani atalanda dzikolo, ndipo pofika cha m'ma 1400 ambiri anali nalo kale. Mphunzitsi wina anauza ana kuti mayina ambiri ankachokera ku ntchito, ndipo lofala kuposa onse ndi Smith, kutanthauza wosula zitsulo. Kamtsikana ka kumbuyo kanakweza dzanja. "Aphunzitsi, ngati onse ankasula makasu, nanga ankalima ndani?"

Mdzukulu ankawerengera agogo ake nyuzipepala yakale. Anawauza kuti Margaret Thatcher anali nduna yaikulu ya Britain kuyambira 1979 mpaka 1990, ndipo dzina la Thatcher, limene analitenga kwa amuna ake, ndi la munthu wofolera nyumba ndi udzu. Anawonjezera kuti anthu ankamutcha Mayi Wachitsulo. Agogo anagwedeza mutu mokhutira. "Eya, mwanawe, munthu akapeza ndalama amatero. Anasiya udzu n'kuyamba malata."

Tiwoloke tipite ku Germany. Amalume ena ankaonera pa kanema mpikisano wakale wa magalimoto, Michael Schumacher akuuluka mu Ferrari yofiira. Mphwawo anawanong'oneza kuti munthuyu anakhala katswiri wa dziko lonse kasanu ndi kawiri, komanso kuti Schumacher ndi wosoka nsapato. Amalume sanadabwe n'komwe. "Liwiro limenelo ndimalidziwa. Wanga wa pamsika amathamanganso choncho akandiona ndikubwera kudzatenga nsapato zanga."

Mu 2010, pa World Cup ya ku South Africa, Germany inakwapula England 4-1 ku Bloemfontein, Thomas Müller yekha n'kumwetsa zigoli ziwiri. Wochemerera England wina anatuluka m'chipinda choonetsera mpira maso ali gwa, thumba lili pululu chifukwa anabetcha. Mnzake pomutonthoza anati Müller ndi dzina lofala kwambiri ku Germany, ndipo limatanthauza mwini chigayo. Mkuluyo anaima chilili. "Achimwene, mumadziwa kuti tikupita ku chigayo, ndiye osandiuza ndisanabetche?"

Ku Manchester mtsikana wa kwathu anabweretsa chibwenzi chake kwa azakhali, mzungu wamtali, waulemu, dzina lake Taylor. Azakhali atamva kuti dzinalo ndi la telala, analowa kuchipinda n'kutuluka ndi zitenje zitatu. Anayamba kufotokoza za manja, za khosi, za m'chiuno kuti musathine. Mnyamata anapepesa, nati iye amagwira ntchito ku banki, singano sanaigwirepo chibadwire. Azakhali anatembenukira mtsikana uja. "Mwanawe, uyu ndi telala weniweni. Onse amatero Khirisimasi ikayandikira."

Bambo wina anafika ku Leicester mu 2016, nthawi imene timu ya mumzindawo inadabwitsa dziko potenga chikho cha ligi ya England. Analowa m'bala, nagula botolo lake. Asanalikweze n'komwe, anyamata a patebulo la pafupi anayamba kukuwa dzina la wosewera wawo wapakati: "Drinkwater! Drinkwater!" Bamboyo, ndi Chingerezi chake cha kusukulu, anayang'ana kumanzere, nayang'ana kumanja, n'kubweza botolo pansi mwakachetechete. Madzulo anaimbira akazi awo. "Mayi, mwatuma anthu mpaka kuno?"

Mayi wogulitsa masamba anamva mwana wake akuloweza za mayeso: Helmut Kohl analamulira Germany kuyambira 1982 mpaka 1998. Mwanayo, pofuna kuonetsa nzeru, anawonjezera kuti m'Chijeremani Kohl ndi kabichi. Mayi anasiya kuwerenga ndalama. "Kabichi zaka 16 osawola? Kafunse aphunzitsi ako kuti ankamuwaza madzi anji."

Mlembi wa tchalitchi china ku Leeds anauza mkulu wa mpingo wochokera kwathu kuti Johnson ndi mwana wa John, Wilson mwana wa Will, Robinson mwana wa Robin. Mkuluyo anatsegula kaundula wa mpingo n'kupeza a Johnson tsamba lathunthu. Anavula magalasi. "A John amenewa ayitanidwe ku bwalo la akulu Lachitatu."

Wotsiriza ndi agogo aja. Mdzukulu anabweranso ndi ina: Armstrong ndi dzina la kumalire a England ndi Scotland, tanthauzo lake mkono wamphamvu, ndipo Neil Armstrong ndiye anayamba kuponda pamwezi mu 1969. Agogo anafwenkha fodya wawo, nayetsemula. "Mkono wamphamvu chotero, koma kukatchuka ndi phazi?"